Liwu la Denis m'Maloto a Amayi

Sabata imene ankhoswe a Denis ankayenera kubwera Loweruka lake kudzafunsira mbeta, Bibiana anamva liwu la mnyamatayo kanayi pa tsiku, koma mwini liwu sanamuone mpaka Lachisanu.

Liwulo linkachokera pa chimkuzamawu chimene anachimangirira pa nsungwi, pakhomo pa nyumba ya vidiyo ya pamsika wawo kwa Likoswe. Denis anali womasulira mafilimu. Azungu kapena Amwenye akamayankhula zakwawo pa kanema, iye ankawaika Chinyanja m'kamwa. Mwamuna ankakhala iyeyo, mkazi iyeyo, ndipo galu akauwa ankauza anthu chimene galuyo akudandaula. Ntchitoyi anaiphunzira ku Limbe, kumene anakhalako zaka zitatu asanabwerere kwawo ku Mbombwe. Mafilimu ake ankayenda okha m'mafoni a anthu, kufika kumene mwini wake sanapondeko.

Imene inagwedeza dera lonse chaka chimenecho inali ya maloto. Inkanena za mzinda wa kutsogolo kumene anthu olemera anasiya kulota, ndiye ankagula maloto kwa amphawi. Mmphawi ankamugoneka pa bedi lachitsulo, kumuveka chipewa cha mawaya, makina n'kuyamba kumukama maloto ngati ng'ombe. Akadzuka, chimene analotacho sichinalinso chake. Anyamata a kabaza anaikonda zedi, ena anaionera kasanu. Aphunzitsi ankati ndi nzeru za sayansi, tsiku lina zidzachitikadi. Madoda ena ankatuluka itangofika pakati, ati filimu yanji yopanda nkhonya, anthu kumangogona. Koma amayi a kumjigo, amene ambiri sanaione n'komwe, ndiwo ankaidziwa bwino kuposa onse. Iwo ankati umenewo ndi ufiti weniweni, kungoti aulumikiza ku magetsi.

Chimkuzamawu chija chinkalira chiyambi chokha, kuitana anthu. Holo ikadzaza ankachizimitsa, kuti wofuna kumva zotsatira alowe. Ndipo chiyambicho chinali liwu la Denis, lotsika, lonyengerera, likuuza mayi wina wogona pa makinawo kuti, "Gonani mayi, musaope. Tsekani maso. Ndalowa kale."

Benchi imene amayi ake a Bibiana ankagulitsirapo kalongonda ndi chinangwa chophika inali pansi penipeni pa nsungwi ija.

*

Lolemba m'mawa amayiwo sanapite kumsika. Anaitanitsa mlongo wawo, a Silvesta, atsibweni ake a Bibiana, amene mawu awo ndiwo anali omaliza pa za ukwati wa mwana aliyense wa mbumbayo. A Silvesta anali munthu wosafulumira. Ngakhale moni ankayankha ataganiza kaye. Anakhala pa mpando pakhonde, n'kuika chipewa pa bondo. Bibiana ankasesa pabwalo, tsache likungobwerera malo amodzimodzi pafupi ndi khondelo.

"Achimwene, mnyamata uja wandilowa m'tulo," anatero amayi.

"Wakulowani bwanji?"

"Ndalota ndili kumunda. Ndiye ndikumva liwu lake lomwe lija, pafupi ndi khutu pano, akuti gonani mayi, ndalowa kale. Kenako ndangoona ndili pa chinkhoswe, ndamanga chitenje chatsopano, ndikuvina. Mpaka kululutira, achimwene. Ineyo."

"Ndiye choipa n'chiyani pamenepo, mlongo? Kuvina?"

"Ndi bondo ili? Komanso inu mukudziwa kuti mnyamata ameneyu ine sindinamufunepo. Si wa mpingo wathu, munda alibe, ntchito yake ndi pakamwa basi. Ndiye wandivinitsa ndani ngati si iyeyo? Waona kuti maso ali otsegula ndikukana, wabwera kudzandivomeretsa ndili m'tulo."

Bibiana anasiya tsache. "Amayi, zimenezo ndi za mu filimu."

"Eya, ndi za mu filimu. Nanga amene amafotokoza mmenemo kuti waya uyu alowa apa, uyu alowa apo, ndani? Munthu angaphunzitse chimene sachidziwa?"

A Silvesta anatembenuza chipewa chawo kawiri, katatu.

"Loweruka sindinalisinthe," anatero pomaliza. "Koma sindinalivomerenso. Mundipatse masiku ndiganize. Iwe Bibiana, mpaka tsikulo usaonane naye, usamuimbire, usamuyankhe. Undilonjeze pano."

Bibiana anagwada n'kulonjeza, maso ali pansi. Akanakana, Loweruka likanafera pakhonde pomwepo.

Amayi nawo ananenetsa kuti pamsika sapondaponso mpaka filimuyo itachoka. Koma kalongonda wophika sadikira kuti munthu amalize kumasulira maloto ake. Amene anasenza poto kupita kukakhala pansi pa nsungwi ija anali Bibiana yemweyo.

*

Sabata imeneyo chiperoni chinatsika m'phiri la Chiradzulu n'kukhazikika. Ogula anali ochepa. Bibiana ankakhala atadzifunda chitenje, foni ili m'manja kunsi kwa chitenjecho, mauthenga akulowa.

"Wadzuka bwanji Bibi wanga? Atsibweni anga a Timoti achapitsa kale jekete ya Loweruka."

Anawerenga, sanayankhe.

"Bibi, mayunitsi atha? Ndifulashe chabe."

Dzuwa litapendeka unalowanso wina. "Ndamva za maloto a amayi. Ndaseka, kenako ndasiya kuseka. Kodi nawenso ukukhulupirira?"

Apa Bibiana analemba kuti "Ayi," chala n'kuima pamwamba pa batani, kenako anafufuta. Pamwamba pa mutu wake Denis anali kuuzanso mayi uja kuti atseke maso. Bibiana anasungulumwapo kale m'moyo, koma osati chonchi. Munthu wake ankayankhula tsiku lonse, msika wonse ukumumva, koma pa mawu onsewo panalibe limodzi lobwera kwa iye. Anzake a ku kwaya ankamuimikira dzanja ali chapatali. Mbiri ya maloto ija inali itafika kale kumjigo, ndipo panalibe amene ankafuna kuti naye avinitsidwe m'tulo.

Amene anabwera pafupi anali Nester.

Nester anali mlongo wake wa mwini vidiyo, ndipo ndi amene ankakhala pakhomo, kuyatsa ndi kuzimitsa kanema. Iye ndi Bibiana anakhala desiki imodzi kuyambira Sitandade 5. Denis atayamba kubwera ku vidiyoko kudzasiya mafilimu atsopano, Nester ankamusungira mpando ndi tiyi. Koma mnyamatayo anayamba kumachedwa pa benchi ya kalongonda kusiyana ndi pakhomo pa holo. Bibiana, poti munthu wokondwa saona bwino, tsiku limene Denis anamufunsira anathamangira kwa Nester yemweyo kukamuuza zonse, liwu ndi liwu. Nester anamvetsera mpaka kumapeto. Kuyambira pamenepo moni wawo unafupika.

"Mkwatibwi, ndiikireko kalongonda," anatero Lachitatu lake, akutambasula mbale. "Kodi filimu ya mwamuna wakoyi unaionera?"

"Ku vidiyo sindilowa, ukudziwa."

"Ndiye ukamuteteza bwanji kwa amayi ako pa chinthu chosachidziwa?" Nester anatola kalongonda mmodzi n'kumuyang'ana ngati akumuona koyamba. "Ukudziwa kuti imeneyi sanabweretse ndi iye? Inabwera yokha kuchokera ku Limbe, m'foni ya kondakitala. Ataimva ikulira pano anatuwa, mpaka anapempha achimwene kuti aichotse. Achimwene anamuseka. Achotse filimu yodzaza holo?"

"Ankaopa zomwe zachitikazi."

"Kaya. Paja mawu aja anakuuza pa msewu wa ku Magomero, a nandolo aja, ukuwakumbukirabe?"

Bibiana anawakumbukira bwanji. Linali tsiku la mvula, njinga ya Denis itaphulika tayala, awiriwo akuikankha. Denis anaima pakati pa msewu n'kunena kuti, "Ine sindilota magalimoto kapena nyumba zosanja. Ndimalota ndikufika pakhomo madzulo, iwe uli pakhonde ukusenda nandolo, n'kundifunsa kuti ndachedwa kuti. Loto langa ndi limenelo basi." Anyamata ena anamulonjezapo mafoni ndi ulendo wa ku Joni. Amene anamulonjeza khonde ndi nandolo ndi amene anamuvomera.

"Zikukukhudza bwanji iwe?" anafunsa.

"Bwera mawa ya thuu koloko, ndidzakulowetsa. Koma ukhale mpaka kumapeto, Bibi. Ine ndimaidula mayina akangoyamba kukwera, kuti ena alowe. Iweyo ndidzakusiyira yonse."

*

Lachinayi Bibiana anasiya poto kwa mayi wogulitsa tomato, anadzikulunga chitenje mpaka m'maso, n'kulowa mu vidiyo. Anadziuza kuti walowera amayi ake: akaona yekha kuti ndi sewero chabe, adzakhala ndi chowayankha. Mtima wokha unkadziwa kuti walowera mawu a Nester.

M'katimo munali mdima ndi fungo la majekete onyowa. Mazenera anawatchinga ndi mabulangete. Akazi analimo awiri okha, onse ndi amuna awo. Bibiana anakhala pa benchi yomalizira, pakona.

Filimu inamugwira asanafune. Mnyamata wa mmenemo ankagulitsa maloto ake limodzilimodzi kuti apeze chakudya: loyamba la kuuluka, kenako la mtsinje wa kwawo, kenako la amayi ake. Kutsogolo kwa Bibiana anthu ankakangana monong'ona.

"Bodza ili. Wolemera angasowe tulo tabwino?"

"Ndiye amene amasowatu amenewo. Khala chete."

"Ine atabwera kuno ndingawapatse ulere. Ndimangolota ng'ombe ikundithamangitsa."

Bibiana anaseka nawo pang'ono. Ananyadanso mumtima pomva mmene Denis ankasinthira liwu, apa nkhalamba, apa mwana, apa bwana wa makina, holo yonse ili m'manja mwake.

Kenako linafika loto lomaliza. Mnyamata uja anakana kugona pa makina. Anagwira dzanja la mtsikana wa tsitsi lofiira, ataima pawindo la nyumba yofika kumitambo, magalimoto akuuluka kunja. Ndipo Denis, ndi liwu lomwe lija la pa msewu wa ku Magomero, akupumira malo omwe aja, anayamba: "Ine sindilota magalimoto kapena nyumba zosanja. Ndimalota ndikufika pakhomo madzulo, iwe uli pakhonde ukusenda nandolo..."

Holo yonse inafa ndi phwete.

"Nandolo ku Ulaya!" anakuwa wina.

Amene anaionera kasanu aja anali atawaloweza mawuwo. Anamaliza naye limodzi, mokweza, mpaka pa "loto langa ndi limenelo basi," ena akugwirana manja moseka. Bibiana anakokera chitenje kumaso ngakhale munali mdima. Anadzuka, anapapasa khoma mpaka pachitseko.

"Sinathe, Bibi," anatero Nester. "Zenizeni zili kumapeto."

"Ndamva zokwanira."

Pamsika sanalire. Analira m'njira yodutsa kumunda, poto ali pamutu, kopanda womuona. Asanafike pakhomo anaswa lonjezo limene anapereka kwa atsibweni ake. Anatulutsa foni n'kulemba kuti, "Mawa m'mawa, pa mabulugamu a kuseri kwa chigayo."

*

Anamupeza Denis atafika kale, njinga ataitsamiritsa pa mtengo, jekete itanyowa m'mapewa. Denis anali wamtali, wowonda, ndipo popanda chimkuzamawu liwu lake linali laling'ono ndithu.

"Bibi."

"Usandigwire. Ndinaionera."

Dzanja la Denis linaima m'malere. "Unaionera mpaka pati?"

"Mpaka pa nandolo. Pamenepo ndinatuluka. Unkafuna ndikhale kuti andiseke kawiri?"

Denis anatulutsa mpweya wautali, mapewa n'kutsika. Bibiana anaziona, koma anaganiza kuti ndi manyazi.

"Ndinkayesa mawu aja ndi anga," anatero Bibiana. "Ndakhala nawo chaka chathunthu, Denis. Amayi akamakunyoza ndimapita kuseri kwa nyumba n'kuwanena chamumtima. Ndiye dzulo ndamva Sabiti wa kabaza akuwanena, chinangwa chili m'kamwa. Unangotenga za mzungu n'kudzandithira nazo m'maso?"

"Mzungu uja sananene za nandolo. Amamudziwa nandolo iyeyo? Pamene paja amanena za makina, manambala okhaokha. Ine ndinaona mmene wamugwirira dzanja mtsikanayo, ndinati munthu sangagwire dzanja chonchi n'kumawerenga manambala. Ndiye ndinangoikapo zimene zinali mumtima mwanga. Sindinabe mawu a mu filimu kudzakuuza iwe, Bibi. Filimu ndi imene inatenga anga."

"Unaimasulira liti?"

Denis anayang'ana tayala la njinga. "Ndili ku Limbe."

"Usanandidziwe."

"Khonde ndinkaliona kale. Nkhope yokha ndi imene inali isanafike."

Munthu amene ntchito yake ndi kupezera azungu mawu sangasowe ake, ndipo Bibiana ankadziwa zimenezo bwino lomwe. Koma anali atatopa ndi kukhala yekha. Masiku anayi osayankhula ndi munthu womukonda anamukulira kuposa mkwiyo wa dzulo. Analola kuti Denis amugwire dzanja, madontho akugwa m'mabulugamu.

"Amayi akuti ndiwe mfiti," anatero kenako, akumwetulira koyamba sabata imeneyo.

"Ndikanakhala mfiti ndikanayamba ndi kulowa m'tulo ta atsibweni ako." Denis anaseka, koma kusekako sikunapite patali. "Bibi, pali china chimene ndiyenera kukuuza mawa lisanafike."

Belu la njinga linalira kumsewu. Pa kabaza panali mayi wina wa m'mphakati mwawo, wodziwika kuti maso ake amaona ndi za kuseri kwa mitengo zomwe. Bibiana anasolola dzanja.

"Udzandiuza za mawa zikatha," anatero, n'kuthamanga.

*

Masana ake anapeza amayi akusoka thumba pakhonde. Anagwada pafupi nawo.

"Amayi, ndinalowa ku vidiyo."

Singano inaima.

"Mulibe ufiti. Ndi anthu ovala mawaya basi. Inu mwakhala pansi pa chimkuzamawu masabata awiri, mawu omwewo kanayi pa tsiku. Ine masiku anayi okha ndayamba kale kumulota."

"Iwe unayamba kumulota chaka chatha."

"Chabwino. Koma ndikuuzeni, amayi. Mukamukana Denis sindithawa, sindikuchititsani manyazi. Koma wina musadzandibweretsere. Ndidzakalamba pa benchi ya kalongonda pomwepo."

Amayi anaika thumba pansi. Mkwiyo umene Bibiana ankayembekezera sunabwere.

"Bambo ako nawonso anali ndi pakamwa pokoma," anatero motsitsa. "Atapita ku Joni uli kumsana, ndinawadikira pakhonde lomwe lino mpaka unayamba sukulu. Sikuti ndimaopa maloto okha ayi, mwanawe."



Madzulo ake msika wonse unali ndi nkhani yatsopano: a Silvesta, amene sanalowepo mu vidiyo chibadwire, anavala jekete, anapinda ambulera, n'kukakhala benchi yakutsogolo pakati pa anyamata a kabaza. Pobwerera anadutsira kwa mlongo wawo dzuwa likulowa. Sanakhale pansi.

"Tumizani uthenga ku Mbombwe," anatero. "Mawa Denis mwini wake abwere nawo ankhoswewo. Ndikufuna ndimuone ndi maso."

Bibiana anatenga zimenezo ngati chizindikiro chabwino. Kusanade anathamangira kumunda n'kuthyola nandolo wamuwisi wodzaza lichero. Anali ndi ganizo lake. Anthu a mu holo anaseka loto la Denis, ndiye iye ankafuna kuti mawa mwini loto akamalowa pabwalo alipeze lili pakhonde.

*

Loweruka chiperoni chinaleka. Alendo anafika dzuwa litakwera, a Timoti kutsogolo ndi jekete yawo yochapitsa ija, Denis pambuyo akukankha njinga. Bibiana anali pakhonde, lichero pamiyendo, akusenda. Denis atamuona anaima pachipata. Bibiana anadikira kumwetulira, koma mnyamatayo anangoweramitsa mutu n'kutsatira atsibweni ake.

Mipando anaiika pabwalo, pamene dzuwa linkafika. Amayi anakhala pa mphasa chapambali, bondo lija atalitambasula. Moni atatha, a Timoti anayamba kukonza kukhosi, koma a Silvesta anaimika dzanja.

"Musanayambe, achimwene, ndichotse kaye chimene chinatsekereza njira. Dzulo ndinakaonera filimu ija."



"Ndi filimu yabwino," anatero a Silvesta. "Pena sindinamve, pena ndinagona pang'ono, koma ndi yabwino. Imanena zoona: wolemera akamaliza kukugula thukuta amafunanso za m'mutu. Ufiti sindinauonemo. Mlongo, ine nditagwira ntchito pa chigayo zaka zija ndinkalota chigayo. Kodi chigayo chinandilodza? Inu munalota chimkuzamawu. Za kuvinazo mufunse bondo lanu."

A Timoti anaseka mpaka kugwira pamimba. Amayi anang'ung'udza, koma sanatsutse. Bibiana anadzutsa mutu pa lichero, akumwetulira. Anafuna kuti Denis amuyang'ane. Denis ankayang'ana nsapato zake.

"Koma ine ndili ndi khalidwe limodzi," anapitiriza a Silvesta. "Ndikalowa pamalo ndimatuluka zonse zitatha. Mayina atayamba kukwera anyamata onse anathamangira panja. Ine ndinakhala. Mtsikana wa pakhomo uja anandiyang'ana, ndiye sanazimitse. Kumapeto kwenikweni, nyimbo itatha, womasulira amapereka moni kwa abale ndi anansi. Ndamva kuti ndi mwambo wa ntchito yanu, eti Denis?"

"Ndi choncho, bambo." 

"Ndiye tauzani anthuwa moni umene munapereka."

Denis, amene ankatha kuyankhulira anthu khumi mu filimu imodzi, sanapeze liwu ngakhale limodzi.

"Chabwino, ndinena ndine. Ndinapempha kuti andibwerezere kawiri, kuti ndisadzanamizire mwana wa eni ake." A Silvesta anaika chipewa pa bondo. "Munati, 'Mawu a nandolo aja ndi ako, Misozi, mayi wa Chipiliro wanga. Undidikire pakhonde, ndikubwera.'"

Khoko la nandolo limene Bibiana anali atang'amba linakhala chotsegula m'zala zake. Anayang'ana lichero, anayang'ana khonde limene anakhalapo, chitenje chatsopano chimene anamanga. Anachita manyazi kuposa a mu holo aja, chifukwa kuno anadziika yekha.

"Bibi," anatero Denis, ataimirira. "Ndi zomwe ndinkafuna kukuuza dzulo. Tinasiyana kalekale. Mwana ndi wanga, sindikukana, koma za ine ndi mayi ake zinatha ndisanachoke ku Limbe."

Mwambo sunkamulola Bibiana kuyankhula pa bwalo la ankhoswe. Anayankhula.

"Unati nkhope inali isanafike."

Denis anakhalanso pampando.

"Ndikufunsa chimodzi chokha. Misoziyo akudikirabe?"

Denis anayang'ana atsibweni ake. A Timoti anatulutsa kampango m'thumba la jekete n'kupukuta pamphumi, ngakhale kunali kusanatenthe.

"Tinkati zimenezo tidzakambe pambuyo, zikatha zinozi," anatero mkuluyo, maso ali kwa a Silvesta. "Mtsikanayo anafika Lachitatu ndi mwana. Akuti filimuyo anaionera ku Limbe mwezi wathawu, mpaka kumapeto. Ali kwathu ku Mbombwe, ndi zikwama zomwe."

 Amayi, amene anakana mnyamatayu kuyambira tsiku loyamba, sananene kuti ndinanena ine. Anadzuka pa mphasa movutikira, anatsimphina mpaka pakhonde, n'kukhala pansi pafupi ndi mwana wawo. Anachotsa lichero pamiyendo pake mwakachetechete n'kuliika pa yawo.

Kumsika, chimkuzamawu chinayamba kuitana anthu a filimu ya masana, ndipo mphepo inabweretsa liwu la Denis mpaka pabwalo, likuuza mayi uja kuti asaope. Bibiana anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutseka chitseko.